Kodi mumadziwa? Kompyuta yowerenga zithunzi za m'chifuwa inayesedwa ku Kanyama

Kanyama, komboni ya anthu ochuluka kumadzulo kwa Lusaka, ili m'gulu la malo amene akatswiri anayeserako pulogalamu ya pakompyuta yotchedwa CAD4TB, yofufuza zizindikiro za chifuwa chachikulu (TB) pa zithunzi za X-ray.

• Pulogalamuyi inapangidwa ku Netherlands, ku yunivesite ya Radboud mogwirizana ndi kampani ya Delft Imaging. Inaphunzitsidwa poionetsa zithunzi zambirimbiri za mapapo a anthu odwala ndi a anthu abwinobwino.

• Ikaona chithunzi, imafufuza madontho ndi mabala m'mapapo, kenako imapereka nambala kuyambira 0 mpaka 100. Nambala ikakwera, munthuyo amapemphedwa kupereka makhololo kuti apimidwe ndi makina a GeneXpert, amene amatsimikiza ngati alidi ndi TB.

• Mu 2014, ofufuza a bungwe la Zambart anasindikiza zimene anapeza ku Lusaka. Pulogalamuyi inkazindikira odwala ambiri, koma inkakayikiranso anthu ambiri opanda TB. N'chifukwa chake kupima makhololo n'kofunikabe.

• Mu 2021, bungwe la WHO linavomereza mapulogalamu otere kwa anthu a zaka 15 kupita m'tsogolo.

• Popeza chithunzicho sichikhala pa filimu, chingatumizidwe pa netiweki ya foni kwa dokotala amene ali kutali.

Madokotala odziwa kuwerenga X-ray ndi ochepa m'Zambia. Wodwala akadziwika msanga amayamba mankhwala msanga, ndipo a m'nyumba mwake amatetezeka.