Galu akakalamba, khomo lokhazikika limakhala mbali ya mankhwala ake

M'malo osungira agalu osowa eni ku Britain ndi ku America, anthu ofuna chiweto akangolowa amathamangira kumene kuli tiana. Galu wa imvi kukamwa, amene wagona pakona ndipo amadzuka movutikira, ambiri amangomudutsa. Agalu ena oterewa anakhala zaka 10 kapena kuposerapo pakhomo limodzi, mpaka pomwe mbuye wawo anamwalira kapena kusamukira kunyumba yosamalirako okalamba kumene salola ziweto. Ndiwo amachedwa kupeza wowatenga, chonsecho ndiwo amene thupi lawo silingapirire kudikira.

Vutoli ndi limene linachititsa mayi Sherri Franklin kuyambitsa bungwe la Muttville mumzinda wa San Francisco mu 2007. Mayiwa ankathandiza mongodzipereka pamalo ena osungira ziweto, ndipo ankaona agalu achikulire akuphedwa ndi jakisoni chifukwa chosowa wowafuna. Anayamba kuwatengera kunyumba kwawo. Lero Muttville imalandira agalu a zaka 7 kupita m'tsogolo, ndipo munthu wa zaka 62 kapena kuposa akafuna kutenga galu salipira. Ku Britain nako, bungwe la Oldies Club limasungitsa agalu okalamba m'makomo mwa anthu odzipereka m'malo mowatsekera m'makola, kufikira atapezeka wowatenga mpaka kalekale.

Ukalamba wa galu umayamba liti?

Ambirife tinamva kuti chaka chimodzi cha galu n'chimodzimodzi zaka 7 za munthu. Akatswiri a pa University of California ku San Diego anasonyeza mu 2020 kuti kuwerengera kumeneku n'kolakwika. Atayeza mmene DNA imasinthira pa agalu 104 a mtundu wa Labrador, anapeza kuti galu amakhwima mothamanga kwambiri ali wamng'ono, kenaka liwiro limatsika. Galu wa chaka chimodzi amafanana ndi munthu wa zaka pafupifupi 30, wa zaka 4 amafanana ndi wa zaka 52, pamene wa zaka 12 amafanana ndi gogo wa zaka 70.

Mtundu ndi kukula kwa thupi la galu nazo zimasiyanitsa. Kafukufuku wa Royal Veterinary College ku London mu 2022 anapeza kuti agalu a ku Britain amakhala ndi moyo zaka pafupifupi 11, koma Jack Russell amafika zaka pafupifupi 13. Agalu akuluakulu kwambiri monga Great Dane amakalamba msanga, moti akamafika zaka 6 amakhala atayamba kale kufooka. Choncho galu wamng'ono thupi wa zaka 9 akhoza kukhala ndi zaka zingapo zabwino patsogolo pake.

Zimene thupi lake likunena

Akuluakulu anati galu wamkota sakandira pachabe. Galu wokalamba akasintha khalidwe, nthawi zambiri pamakhala chifukwa m'thupi mwake, ndipo womutenga ayenera kuphunzira kuziwerenga zizindikirozo.

Imodzi mwa nthenda zofala kwambiri ndi nyamakazi ya molumikizira mafupa. Chichereŵechereŵe chimene chimateteza nsonga za mafupa chimaperepeseka, ndipo mafupa amayamba kukhulana. Galu sachita kulira kuti mudziwe. Mumangoona akuima kaye pa sitepe ya khonde asanakwere, akuzungulirazungulira asanagone, kapena akutsimphina m'mawa kukazizira koma n'kuwongoka dzuwa likakwera. Wina amaluma munthu akamugwira m'chiuno, anthu n'kumati wayamba nkhanza, pamene ndi ululu.

Mano ndi nkhama nazo zimadwala. Galu amene akutafunira mbali imodzi, kugwetsa chakudya kapena kununkha kwambiri m'kamwa angakhale ndi dzino lowola. Akayamba kumwa madzi ambiri ndi kukodza pafupipafupi, impso zikhoza kukhala zikufooka, kapena ndi matenda a shuga. Kutsokomola usiku ndi kutopa msanga, makamaka kwa agalu ang'onoang'ono, kumaloza ku mtima. Chotupa chilichonse chatsopano pakhungu chiyenera kuonedwa ndi dokotala wa ziweto, pakuti khansa ndi imodzi mwa nthenda zimene zimapha agalu ambiri okalamba.

Ubongo nawo umakalamba. Agalu ena amadwala nthenda yoiwala yofanana ndi Alzheimer's ya anthu: amasochera m'nyumba imene akuidziwa, amaima poyang'ana khoma, amagona masana n'kumayendayenda usiku.

Chifukwa chake khola silimukwanira

Galu amene maso achita ng'ala ndiponso makutu ayamba kugontha amadalira fungo ndi chizolowezi. Amadziwa kuti mbale yamadzi ili kuseri kwa chitseko, ndipo mbuye wake amadzuka nthawi yakuti. Mukamuika m'khola la simenti, pakati pa agalu ambirimbiri ouwa usana ndi usiku, zonse zimene amadalira zimamuchokera nthawi imodzi.

Nkhawa imeneyi imayezeka. Mu 2019 Lisa Gunter ndi anzake a pa Arizona State University anayeza timadzi ta cortisol, timene thupi limatulutsa likapanikizika, mu mkodzo wa agalu a m'malo osungirako. Agalu amene anatengedwa kukagona m'nyumba ya munthu usiku umodzi kapena uwiri, timadziti tinatsika ndipo anapumula nthawi yaitali. Atabwezedwa kukhola, tinakweranso. Ulendo wa masiku ochepa umapepuza, koma chimene chimathetsa vutoli ndi khomo limene galuyo sadzachokanso. Pakhomo ndi pomwenso pamakhala munthu mmodzi womuona tsiku ndi tsiku, amene angazindikire msanga kuti lero sanamalize chakudya.

Ena amaopa kuti galu wachikulire sangazolowere malamulo a nyumba ina. Ofufuza a ku Vienna, motsogozedwa ndi Lisa Wallis, anaphunzitsa agalu a mtundu wa Border Collie a misinkhu yosiyanasiyana kusankha zithunzi pa kompyuta pogunda ndi mphuno. Okalamba anatenga nthawi yotalikirapo, koma anaphunzira. Komanso galu wamkulu khalidwe lake limakhala lodziwika kale, ndipo ambiri anasiya kutafuna nsapato ndi kukumba maluwa.

Zoyenera kukonzekera

Choyamba ndi kupita naye kwa dokotala wa ziweto kuti amuyeze magazi, mkodzo, mano ndi mtima, ndipo kenaka azionedwa kawiri pachaka. Pogona pakhale pofewa ndi pofunda, osati pasimenti yozizira. Pansi poterera payalidwe mkeka kapena kapeti. Aziyenda pang'onopang'ono tsiku lililonse, ndipo asanenepe, chifukwa kulemera kumawonjezera ululu wa nyamakazi. Masabata oyamba nthawi ya chakudya ndi malo a mbale zisamasinthesinthe.

Musamupatse mankhwala a ululu a anthu. Ibuprofen, amene ambiri timamudziwa kuti Brufen, amayambitsa zilonda zam'mimba ndi kuwononga impso za galu. Panado nayenso saperekedwa popanda dokotala kulamula mlingo.

Womutenga adziwenso kuti padzafunika ndalama za mankhwala, ndipo tsiku losiyana naye silikhala patali kwambiri. Galu akafika poti sakudya, sakudzuka ndipo ululu sukumva mankhwala, kukambirana ndi dokotala zomugoneka mwamtendere ndi mbali ya chisamaliro.

Kuno ku Malawi, bungwe la LSPCA ku Lilongwe limalandira agalu otayidwa ndi kuwapezera makomo atsopano. Kutenga galu kudzera m'bungwe lotere n'kotetezeka kuposa kutola wa mumsewu amene simukudziwa mbiri yake, chifukwa chiwewe chidakalipo m'dziko muno, ndipo galu wokalamba naye amafunika katemera wake, mankhwala a njoka zam'mimba ndi a nkhupakupa. Koma agalu okalamba ambiri osowa chisamaliro ali m'makomo mwathu momwe. Galu amene walondera nyumba zaka 10, mano akatha ndi mawu akachepa, asapirikitsidwe kapena kumanidwa chakudya poti kwabwera wamng'ono. Mufewetsereni chakudya, mupatseni pogona pouma, ndipo akayamba kutsimphina pitani naye kwa alangizi a ziweto.