Kodi Postdoc Ndani? Chitsanzo cha Kafukufuku wa Mabatire

Ambiri timaganiza kuti munthu akapata digiri ya PhD ndiye kuti wafika pamapeto pa maphunziro. Mu nkhani ino ndikufuna kufotokoza gawo lina lomwe limabwera pambuyo pa digiriyi, lotchedwa postdoc. Chichewa chilibe mawu amodzi otchulira munthu wotere, choncho ndimutcha wofufuza wongomaliza kumene PhD.

Munthuyu si wophunzira chifukwa salembanso mayeso, komanso sanakhazikike pa ntchito ya uphunzitsi. Amalembedwa ntchito ya zaka zowerengeka, amalandira malipiro, ndipo amagwira pansi pa pulofesa wodziwa bwino ntchitoyo. Tingamufanizire ndi wosula zitsulo amene wadziwa kale kugwira nyundo koma akadali pa chipala cha mnzake wamkulu.

Mbiri ya mabatire ikuonetsa kufunika kwa gawoli. M'chaka cha 1980, gulu la John Goodenough ku yunivesite ya Oxford linapeza kuti msanganizo wa lithium ndi cobalt ungathe kusunga mphamvu zambiri za magetsi. Mu 1981, Michael Thackeray wa ku South Africa, yemwe anachita PhD yake ku Cape Town, anapita kukagwira ntchito ndi gululi ngati postdoc. Kafukufuku wawo anaonetsa kuti manganese, yemwe ndi wotsika mtengo, angalowe m'malo mwa cobalt. Kampani ya Sony inayamba kugulitsa mabatire a lithium mu 1991, ndipo Goodenough analandira mphoto ya Nobel mu 2019 pamodzi ndi Stanley Whittingham ndi Akira Yoshino.

Masiku ano mwayi wotere ulipo wambiri chifukwa magalimoto oyendera magetsi ndiponso magetsi adzuwa amadalira mabatire. Dziko la Britain linakhazikitsa bungwe la Faraday Institution mu 2017 kuti lizithandiza mayunivesite pa kafukufukuyu. Nalo bungwe la European Union limapereka thandizo lotchedwa Marie Skłodowska-Curie kwa ofufuza ochokera dziko lililonse. Ofufuzawa amalimbana ndi mafunso monga awa: batire lingakhalitse bwanji, lingapewe bwanji kugwira moto, nanga likatha ntchito zitsulo zake zingabwezedwe bwanji?

Nkhaniyi ikutikhudza ife Amalawi. Ku Kasiya m'boma la Lilongwe kunapezeka graphite wambiri, yemwe amafunika popanga mabatire a lithium. Ku Golomoti m'boma la Dedza, malo opangira magetsi adzuwa omwe anayamba kugwira ntchito mu 2022 amasunga mphamvu zina m'mabatire. Choncho miyala tili nayo, mabatire tikugwiritsa ntchito, koma luso losandutsa mwalawo kukhala batire likadali m'manja mwa ena.

Pomaliza, maganizo anga ndi akuti anzathu a sayansi asamaone PhD ngati malire. Thackeray anapita ku Oxford, kenako anabwerera kwawo kukapitiriza kafukufuku kwa zaka zoposa khumi. Ifenso a zilankhulo tili ndi ntchito yathu: kupeza mawu oti mlimi wa ku Kasiya amvetse phindu la mwala womwe uli pansi pa munda wake.