Mawu a Ansenga Akusungidwa ku Washington

Aliyense amene ali ndi foni ya intaneti ndi mabandulo okwanira akhoza kuyesa lero lomwe. Alowe pa tsamba la Smithsonian Folkways, nthambi yosunga ndi kugulitsa nyimbo ya bungwe lalikulu la nyumba zosungiramo zinthu zakale ku America, alembe dzina loti Petauke. Zituluka zimbale ziwiri za mutu umodzi, Music from Petauke of Northern Rhodesia, choyamba cha mu 1962, chachiwiri cha mu 1965. M'menemo muli mawu a Ansenga monga ankamvekera m'midzi zaka zoposa 60 zapitazo. Wofuna kukhala nazo amalipira madola ndi khadi la kubanki.

Pamsika wa Petauke, kapena pamzere wa amayi ogulitsa nthochi m'mbali mwa Great East Road ku Nyimba, nkhani ya zimbalezi siimveka. Chonsecho ikukhudza malo onse awiri, pakuti masiku amenewo Nyimba ndi Lusangazi anali asanakhale maboma paokha. Onse anali Petauke.

Anajambula ndi azungu awiri. Raymond Apthorpe anali wofufuza wa ku Rhodes-Livingstone Institute ku Lusaka, ndipo anali atayendayenda kale pakati pa Ansenga kufunsa za mbiri ndi mafuko awo. Mnzake John Blacking, wobadwira ku England mu 1928, ankaphunzitsa pa yunivesite ya Witwatersrand ku Johannesburg, atakhalako pafupifupi zaka ziwiri pakati pa Avenda kuphunzira nyimbo zawo. Mu 1961 awiriwa anafika m'midzi ya Petauke ndi makina ojambulira mawu. Dziko linali pamoto chaka chimenecho: anthu anali atatopa ndi Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo kumpoto otsatira UNIP ankatseka misewu ndi kuwononga milatho pa zipolowe za Cha Cha Cha. Pa 24 Okutobala 1964 Northern Rhodesia anatha, kunabadwa Zambia. Motero chimbale chachiwiri chinatuluka ndi dzina la dziko lomwe kunalibenso, ndipo dzinalo likadali pachikuto mpaka lero.

Blacking sanali wakuba, ndipo kumuika m'gulu limodzi ndi asilikali olanda katundu m'nyumba za mafumu kungakhale kumunamizira. Anakhala pansi, anatchera khutu, anapenyetsetsa. Chimene chinamugwira mtima kwambiri ndi kalimba, kaja kathabwa ka tizitsulo kamene mnyamata amaliza akuyenda yekha panjira kapena atakhala pakhonde madzulo. Poyamba munthu wophunzira nyimbo za ku Ulaya amafuna kulemba liwu lililonse papepala, lokwera ndi lotsika, n'kumati nyimbo ndi imeneyo. Blacking anaona kuti kwa Ansenga nyimbo imayambira m'manja. Chala chamanthu chakumanzere chili ndi mayendedwe ake, chakumanja chilinso ndi ake, zimalandizana, zimapingasana, ndipo nyimbo imabadwa m'kuyenda kumeneko. Nyimbo ziwiri zomveka mosiyana m'khutu zikhoza kukhala zapachibale chifukwa zala zikuyenda njira imodzi.

Zimenezi anazilemba m'magazini ya African Music mu 1961, ndipo anachita bwino kutchula maina a oimba kalimba amene anamuphunzitsa. Mu 1973 anatulutsa buku lake lotchuka, How Musical Is Man?, m'mene ananenetsa kuti luso la nyimbo ndi la munthu aliyense, osati la ochepa amene anapita kusukulu za nyimbo. Umboni wake wambiri unachokera kwa Avenda, koma kalimba ya Ansenga ilimonso. Bukulo limawerengedwabe m'mayunivesite, kuyambira ku Belfast kumene iye anaphunzitsa mpaka pomwalira mu 1990. Apa mpamene pali chowawa. Nzeru ya m'zala za anyamata a ku Petauke inakathandiza kusintha kaganizidwe ka akatswiri a nyimbo padziko, pamene mwana wasukulu ku Minga kapena ku Kacholola akhoza kumaliza Giredi 12 osauzidwa kuti agogo ake anaphunzitsapo pulofesa.

Dzina lenilenilo la kalimba linayenda ulendo wakewake. Hugh Tracey, amene anayambitsa International Library of African Music mu 1954, anayamba kupanga kalimba zogulitsa kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, atazichuna motsata do-re-mi wa ku Ulaya. Zinagulidwa kwambiri kunja, ndipo lero mafakitale a kutali amazipanga zambirimbiri. Mwana wake, Andrew Tracey, analemba mu 1972 kuti mawu asanu ndi atatu apakati pa kalimba yachikale yonga ya Ansenga mwina ndiwo kholo la mbira zambiri za m'chigwa cha Zambezi. Wogula kalimba pa intaneti ku Berlin kapena ku Tokyo amalandira kabokosi ndi kabuku ka malangizo. Za anthu a ku Luangwa ndi Zambezi, eni dzinalo, sakhala nazo ntchito chifukwa palibe wamuuza.

Anthu a m'Zambia akamva za kubweza chuma chimene chinapita kunja, amayamba kukumbukira chigaza cha ku Kabwe. Chinapezeka mumgodi wa Broken Hill mu Juni 1921, kampani ya mgodi inachipereka ku London, ndipo chili ku Natural History Museum. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2020 anasonyeza kuti chili ndi zaka pafupifupi 299,000. Boma la Zambia lakhala likuchipempha kuyambira m'ma 1970, likunena kuti lamulo la mu 1912 linkaletsa kale kutulutsa zinthu zotere popanda chilolezo. Mu 2018 nkhaniyi inakambidwa m'komiti ya UNESCO, Britain inavomera zokambirana, koma lamulo lake la mu 1963, British Museum Act, limamanga manja osunga chumacho. Mlendo wa ku Livingstone Museum amaonetsedwa chigaza choumba.

Kwina zinthu zasuntha. Pambuyo pa mawu a Pulezidenti wa France Emmanuel Macron onena za kubweza chuma cha Africa ku Ouagadougou mu 2017 ndi lipoti la Felwine Sarr ndi Bénédicte Savoy la mu 2018, France inabweza ku Benin zinthu 26 za mafumu a Abomey mu Novembala 2021. Mu 2022 bungwe la Smithsonian, lomwelo losunga nyimbo za ku Petauke, linakhazikitsa mfundo yoti likhoza kubweza chinthu kapena kugawana ulamuliro wake ndi eni ake ngati chilungamo chikufuna choncho, ngakhale lamulo lisakulikakamiza. Chaka chomwecho linapereka ku Nigeria ziboliboli 29 zamkuwa za ufumu wa Benin. Khomo limenelo ndi lotseguka, ndipo Ansenga ali ndi ufulu wogogodapo.

Mlandu wa Petauke ndi wopepuka kuposa wa Kabwe. Chigaza ndi chimodzi, chikakhala ku London ndiye kuti ku Lusaka kulibe. Nyimbo ikhoza kukhala ku Washington ndi kwa Mfumu Kalindawalo ya Ansenga nthawi imodzi. Siifuna sitima, siifuna bokosi lagalasi, imakwana pa kamemori khadi konga chikhadabo. Moses Asch, amene anayambitsa Folkways ku New York mu 1948, sankalola kuti chimbale chichotsedwe pamsika chifukwa chosagulidwa, ndipo Smithsonian potenga kampaniyo mu 1987 inalonjeza kusunga mwambo umenewo. N'chifukwa chake mawuwa alipobe, ndipo pamenepo pokha ayenera kuyamikidwa. Njira yobwezera inalambulidwa kale: laibulale ya Tracey ija, yomwe tsopano ili pa Rhodes University ku Makhanda, mu 2014 inanyamula nyimbo zimene Hugh Tracey anajambula mu 1950 n'kukazipereka m'midzi ya Akipsigis ku Kenya, kumene zinajambulidwa.

Komabe kutumiza mafayilo si kubweza. Kubweza kwenikweni n'kwakuti nyimbo ilizidwe pabwalo, agogo atchere khutu, wina adumphe n'kunena kuti mawu awo ndi a mayi ake aang'ono. Kenako maina alembedwe pamodzi ndi midzi yawo, pokhota pawongoledwe, tanthauzo linenedwe m'Chinsenga ndi amene anayamwa Chinsengacho. Palinso funso la ndalama: chimbale chikagulidwa, gawo la oimba lipite kwa yani, kubanja, kumudzi kapena kwa mfumu? Ndipo pali funso lina limene osunga zinthu zakale a kunja anachedwa kuliphunzira, loti si nyimbo iliyonse imene ili ya khutu lililonse. Za kuchinamwali zili ndi anamkungwi ake, za kudambwe zili ndi eni ake. Chilichonse chojambulidwa kum'mawa kuno, kaya chili ku Washington, ku Makhanda kapena ku Lusaka, chiyenera kumvedwa kaye ndi akuluakulu oyenera, iwo anene chimene chingalizidwe pawailesi ndi chimene chiyenera kuvundikiridwa. Kuika zonse poyera m'dzina la ufulu kukhoza kukhala kulanda kwachiwiri.

Nanga zitabwera, zingafikire m'nyumba iti? Apa chala chikuloza kwathu konkuno. Nyumba zikuluzikulu za National Museums Board zili ku Livingstone, Lusaka, Ndola, Mbala ndi Choma. Chigawo cha Kum'mawa, chimene chili ndi zojambula za pamiyala ku Kalemba, Thandwe ndi Mkoma, chili ndi Kulamba ku Mkaika, Nc'wala ku Mtenguleni, ndi Gule Wamkulu amene UNESCO inamulemekeza mu 2005, sichili pamndandanda umenewo. Kufupi ndi Chipata kuli Nsingo Community Museum ya Angoni, yotchedwa dzina la mwana wa Mpezeni amene Angerezi anamupha mu 1898, ndipo ikusonyeza kuti anthu akafuna, nyumba yotere imatheka. Mapu a nyumba zosungiramo zinthu zakale anayamba kujambulidwa ndi atsamunda mu 1934 ku Livingstone, kumene kunali likulu lawo ndi alendo awo. Papita zaka zoposa 60 dziko lili m'manja mwa eni ake, ndipo udindo wokonza mapuwo sulinso wa London.

Mbiri ya Ansenga yolembedwa inayambanso ndi cholembera cha mlendo. Buku la E. H. Lane Poole, bwana wa boma la atsamunda, lonena za mitundu ya kuno linatuluka m'ma 1930, ndipo ofufuza amalitsegulabe. Mabwana otere ankafunsa kwambiri amuna, kudzera mwa womasulira, pakati pa anthu amene ufumu ndi fuko zimatsata kuchikazi. Zimene amayi ankadziwa zinatsalira pamtondo ndi kutsimba.

Mpata umenewu ndi umene Samba Yonga ndi Mulenga Kapwepwe anafuna kutseka poyambitsa Women's History Museum of Zambia mu 2016. Sanadikire njerwa ndi malata. Anayamba ndi intaneti, ndipo mu 2019 anatulutsa timakanema tazojambula totchedwa Leading Ladies. Kamodzi mwa ito ndi ka Mwape, mfumu yaikazi ya m'chigwa cha Luangwa imene inatsogolera ankhondo ake polimbana ndi Achikunda, dzina lomwe mpaka lero ndi la ufumu m'boma la Nyimba, pamodzi ndi Ndake, Luembe ndi Nyalugwe. Yonga ndi Kapwepwe anagwirizananso ndi nyumba zosungiramo zinthu zakale za ku Sweden, kumene kuli katundu wambiri wochokera m'Zambia, kuti zithunzi za katunduyo zifike kwa anthu a m'midzi, eni ake anene dzina lenileni la chinthu ndi ntchito yake. Ena amadandaula kuti chithunzi si chinthu chenichenicho, ndipo akunena zoona: fodya wako ndi amene ali pamphuno. Koma pa nkhani ya nyimbo dandaulo limenelo limachepa mphamvu, chifukwa mawu akafika m'khutu afika onse.

Petauke ndi Nyimba ali nazo kale zipangizo zoyambira. Kuli wailesi za m'dera, Explorers ndi PASME ku Petauke, Valley FM ku Nyimba, zimene zimamveka m'midzi yomwe intaneti imavuta. Kuli mwambo wa Tuwimba mu Okutobala, pamene Ansenga amasonkhana kwa Mfumu Yaikulu Kalindawalo. Kuli aphunzitsi a nyimbo ndi mbiri m'masukulu a sekondale. Chofunika ndi kalata yochokera kwa mafumu, kudzera ku National Museums Board, yopempha zonse zimene zinajambulidwa mu 1961 pamodzi ndi zolemba zake, osati zokhazo zimene zinasankhidwa kulowa m'zimbale ziwirizo, komanso munthu woti ayende ndi sipika mudzi ndi mudzi atanyamula maina aja Blacking analemba.

Mnyamata amene anali ndi zaka 15 pamene makina aja ankazungulira anabadwa mu 1946. Ngati ali moyo, ndi gogo wa ndodo tsopano, ndipo iye ndi anzake amsinkhu wake ndiwo angamve mawu pachimbale n'kutchula mwini wake, fuko lake ndi mudzi umene anakwatira.