Za Batire ya Laputopu Yokana Kulowa Moto

M'midzi yathu yambiri mwafika tsopano makina aja ochedwa laputopu. Ena anawagula atagulitsa fodya kapena mbuzi, kuti mwana wa ku koleji aphunzirirepo. Ena anawalandira kwa mbale wa ku Joni. Tsono tsiku lina mwana alumikiza cingwe, koma moto osalowa m'batire, ndipo m'nyumba muyamba kulozana zala. Ife taona makolo akugula batire yatsopano ndi ndalama za feteleza, cikhalireco colakwa cinali kanthu kakang'ono. Cifukwa cace tifuna kulongosola m'mene munthu angafufuzire asanamasule cikwama.

Yambani ndi kumene moto ucokera. Lumikizani lamya kapena wailesi pa soketi yomweyo, muone ngati ili ndi moyo. Inu a sola kumbukani kuti batire yanu ya m'nyumba ipereka mavoti 12, pamene laputopu zambiri zifuna 19 kapena 20. Ndiye pakati payenera invata, ndipo invatayo imazima yokha batire ya sola ikafooka masiku a mitambo. M'pulagi ya miyendo itatu muli fyuzi, ndipo ikapsa musintha iyo yokha. Kenaka tsatani cingwe conse ndi zala, makamaka pafupi ndi mutu wace pamene cimapindika, pakuti makoswe athu sasankha cakudya.

Pa tchaja pali malembo ang'onoang'ono onena mphamvu yace: mawati 45, 65 kapena 90. Tchaja yobwereka yocepa mphamvu ikhoza kuyatsa kompyuta, koma kulephera kudzaza batire. Tchaja zambiri za Dell ndi HP ziri ndi kasingano pakati pa mutu wozungulira, kamene kauza kompyuta kuti tchajayo ndi yotani. Kakathyoka, kompyuta iyaka bwino lomwe, koma batire ikhala pomwepo osakwera. Bvuto limeneli lanyenga ambiri, ndipo nthawi zambiri liyamba ndi ana opunthwa pa cingwe. Ngati kungatheke, yesani tchaja ya mnzanu amene ali ndi laputopu ya mtundu womwewo, mutayamba mwacotsa fumbi pa bowo lolowera cingwe.

Zonsezi zikakhala bwino, zimitsani kompyuta, zulani cingwe, cotsani batire ngati ili yocotseka, ndi kukanikiza batani loyatsira masekondi 30. Mukatero bwezerani zonse ndi kuyesanso.

Dziwaninso kuti nthawi zina kukanako sikuli matenda ai. Laputopu zina, monga za Lenovo, zikhoza kuuzidwa kuti zileke kutchaja zikafika pa 60 kapena 80 peresenti, kuti batire isakalambe msanga. Mwina mwini wace woyamba anaika dala lamulolo. Kutentha nakonso kuletsa. Mabatire a lithium-ion, amene Sony anayamba kugulitsa m'caka ca 1991, sayenera kutchajidwa atatentha kupitirira madigiri 45. Masana a mwezi wa Okutobala, pansi pa denga la malata, laputopu yoikidwa pa bulangete itsekeka mabowo ace opumira, ndipo ileka yokha kulandira moto. Ikani pa tebulo pamthunzi, muidikire izizire.

Potsiriza pali ukalamba. Batire yotere iyamba kufooka itadzazidwa ndi kutha kokwana 300 mpaka 500, ndiko kuti zaka ziwiri kapena zitatu kwa woigwiritsa nchito tsiku ndi tsiku. Pa Windows mwana wanu akhoza kulemba lamulo lakuti powercfg /batteryreport, ndipo kompyuta idzaonetsa mphamvu imene batire inabadwa nayo ndi imene yatsala lero. Ngati yatsala yosafika theka, pamenepo ndiye kugula ina kuli koyenera, ndipo popita ku sitolo tengani nambala yolembedwa pa batire yakale.

Koma mukaona laputopu yatukumuka pansi, kapena malo oyendetsapo cala akwera, batire yatupa. Musaitchajenso, musaiboole, musaiponye pa moto wa zinyalala, cifukwa ikhoza kuyaka mwaukali ndi kutentha nyumba yaudzu. Isungeni poyera, pa mcenga, kutali ndi ana, kufikira mutaitengera kwa mmisiri wokonza makompyuta.