Njinga yonyamula katundu

Njinga yonyamula katundu ndi njinga yakapalasa yomwe yalimbitsidwa kuti izisenza zinthu zolemera monga matumba a chimanga, makala, nkhuni ndi nsomba zouma. Ku Malawi njinga zambiri zotere sizipangidwa ku fakitale. Mwini wake amagula njinga wamba n'kupita nayo kwa okonza njinga ndi owotcherera kuti akailimbitse.

Kapangidwe kake

Ntchito yaikulu imakhala kumbuyo, chifukwa ndiko kumatsamira katundu. Kaliyala wobwera ndi njinga amachotsedwa, ndipo mmisiri amawotcherera wina wa zitsulo zokhuthala, kawirikawiri zomangira nyumba. Miyendo ya kaliyalayo imamangidwa pa ekiselo ya tayala lakumbuyo kuti kulemera kutsikire pa tayala. Ambiri amaikanso masipoko okhuthala ndi mkombero wolimba, popeza sipoko imodzi ikaduka mkombero umayamba kupindika. Katundu amamangidwa ndi malegeni odulidwa ku machubu akale.

Katundu akakwera m'mwamba kwambiri kapena akapitirira kumbuyo kwa ekiselo, tayala lakutsogolo limapepuka ndipo njinga imavuta kuwongolera. N'chifukwa chake ena amapanga ngolo ya matayala awiri yokokedwa ndi njinga. Mabuleki nawonso amafunika kukhala amphamvu, makamaka potsetsereka.

Pa chilumba cha Likoma

Likoma ndi chilumba cha m'nyanja ya Malawi, chachikulu pafupifupi masikweya kilomita 18. Chimanga, shuga, simenti ndi mafuta a galimoto zimachokera kumtunda, makamaka ku Nkhata Bay, pa maboti ndi pa sitima ya Ilala, yomwe inayamba kuyenda mu 1951. Galimoto n'zochepa pachilumbachi, choncho katundu wofika padoko amatha kupita kumidzi pamutu kapena panjinga. Misewu yambiri ndi yafumbi, ina yamchenga ndi miyala, ndipo pamalo otere wokwera amatsika n'kumakankha. Zipangizo za njinga nazonso zimadikira ulendo wa panyanja, motero njinga yopanda magiya, yosavuta kukonza, ndiyo imapindulitsa.

Njinga za ku fakitale

Bungwe la World Bicycle Relief, lomwe linakhazikitsidwa mu 2005, limagulitsa ku Malawi njinga za Buffalo, zomwe kaliyala wake amanyamula makilogalamu 100. Ku Lusaka, kampani ya Zambikes inapanga ngolo yonyamulira odwala yotchedwa Zambulance.