Ufulu wolankhula pasukulu: umayambira pati, umalekezera pati?

Aphunzitsi anzathu, mwana akamaphunzira m'chilankhulo chakwawo amamasuka pakamwa. Amafunsa chifukwa chake mtengo wa nandolo wagwa, kapena chifukwa chake msewu wa kumudzi kwawo sukonzedwa. Mphunzitsi ayankhe kapena aope? Milandu iwiri ya m'mayunivesite ingatithandize kuona pamene malamulo aika malire.

Woyamba unachitika kutsidya kwa chipata cha Muloza, ku Malawi. Mu February 2011, mkulu wa apolisi Peter Mukhito anaitanitsa Blessings Chinsinga, mphunzitsi wa za ndale ku Chancellor College ku Zomba. Nkhani inali yoti Chinsinga pophunzitsa anayerekeza kusowa kwa mafuta a galimoto ndi ndalama zakunja ku Malawi ndi mavuto omwe anautsa zipolowe ku Tunisia ndi ku Egypt. Aphunzitsi anzake ananyanyala ntchito ponena kuti sangaphunzitse m'kalasi momwe muli akazitape. Anayi anachotsedwa ntchito, kuphatikizapo Chinsinga ndi Jessie Kabwila, mtsogoleri wa bungwe lawo. Anadalira ndime 33 ya malamulo aakulu a Malawi, yomwe imatchula ufulu wa maphunziro mwachindunji. Maphunziro anasokonekera kwa miyezi pafupifupi isanu ndi itatu, mpaka Pulezidenti Bingu wa Mutharika analamula kuti anayiwo abwerere pantchito.

Wachiwiri ndi wa kwathu kuno. Mu November 2013, Carlos Nuno Castel-Branco, katswiri wa za chuma yemwe ankaphunzitsa ku Universidade Eduardo Mondlane, analemba pa Facebook kalata yodzudzula Pulezidenti Armando Guebuza. Anamuzenga mlandu wonyoza mtsogoleri wa dziko potsata lamulo la chitetezo cha boma. Mu September 2015, khoti la KaMpfumo ku Maputo linamupeza wosalakwa: mawu ake anali owawa, koma kudzudzula ulamuliro si mlandu.

Ufuluwu uli ndi maziko m'malamulo aakulu a Mozambique a 2004. Ndime 48 imapatsa nzika iliyonse ufulu wolankhula ndi wolandira nkhani, ndipo imaletsa kutseka anthu pakamwa. Ndime 114 imapatsa mayunivesite a boma ufulu wodziyendetsera kafukufuku ndi kaphunzitsidwe.

Malire nawo alembedwa momwemo. Ndime 48 yomweyo imati ufuluwu uzilemekeza ulemu wa munthu. Ndime 41 imateteza mbiri yabwino ya munthu ndi moyo wake wamseri, choncho kunamizira mnzako kuba popanda umboni kungakufikitse kukhoti. Ndime 39 imaletsa mchitidwe wogawanitsa anthu potengera mtundu, chipembedzo kapena kochokera. Kuno ku Milange, komwe Achewa ndi Alomwe amakhala pa benchi imodzi, nthabwala yonyoza chilankhulo cha mnzako si ufulu ayi.

Chachikulu m'milandu iwiriyi n'chakuti malire amaikidwa ndi lamulo lolembedwa ndipo amatanthauziridwa ndi khoti. Mkwiyo wa munthu waudindo si lamulo.

Komabe sukulu ya pulayimale si yunivesite. Ana athu ndi aang'ono, ndipo mawu a mphunzitsi amawatenga ngati choonadi chonse. Tili ndi silabasi yoti titsate, komanso ndime 113 imati boma lisakonze maphunziro motsata chipani kapena chipembedzo. Choncho kalasi si bwalo la kampeni.

Mwana akafunsa za mtengo wa nandolo, mufotokozereni mmene msika umayendera ndi zomwe zikudziwika. Akatchula dzina la munthu n'kumuneneza, mufunseni ngati waona yekha kapena wangomva, kenako bwezerani zokambirana pa vutolo, osati pa munthuyo. Ana akasiyana maganizo, aliyense amalize mawu ake. Mwana amene waphunzira mu sitandade 4 kusiyanitsa kudzudzula ndi kutukwana adzafika ku yunivesite akudziwa kale ufulu wake ndi wa anzake.