Kodi mumadziwa? Ku Petauke ndi ku Nyimba mpeni wabwino umapezeka ndi khutu

Kodi mumadziwa kuti pali anthu amene amakwera ndege n'kuwoloka nyanja, cholinga chawo kukagula mpeni basi? Ena amatolera masitampa, ena ndalama zakale, koma awa mtima wawo uli pa mipeni, ndipo akangofika dziko lachilendo funso lawo loyamba n'lakuti, "Mipeni amagulitsa kuti?" Ku Germany amawalozera ku Solingen, ku England ku Sheffield, ku Japan ku Seki, tauni imene yakhala ikusula zitsulo zakuthwa kwa zaka zoposa 700.

Nanga munthu wotereyu akatsika basi pa Petauke kapena pa Nyimba, inu mumulozera kuti? Chikwangwani cholembedwa kuti "Pano pali mipeni" asavutike nacho. Angotchera khutu cha kuseri kwa msika kapena m'mudzi wa m'mbali mwa msewu. Akamva ngwe! ngwe! ngwe! ndiye kuti wafika: denga la sitoloyo ndi mtengo wa mango, kauntala yake ndi chidutswa cha njanji chosulirapo.

Ine ndimati wosula wa kuno ali ndi mgodi wakewake, ndipo dzina la mgodiwo ndi Great East Road. Malole opita ku Chipata, ku Malawi ndi ku Mozambique amalemedwa, amagunda maenje, sipuling'i n'kuthyoka, ndipo chidutswacho sichigona pamsewu masiku ambiri. Kungochokera ku Lusaka kufika ku Petauke, mgodi umenewu ndi wautali makilomita pafupifupi 400!

Koma bwanji sipuling'i? Chitsulo chake anachipanga kuti chizipindika n'kubwerera m'malo mwake, choncho mpeni wake suthyoka wamba ndiponso subuntha msanga. Chinsinsi chagona pa kaboni wochepa zedi: pa makilogalamu 100 a chitsulocho, kaboni amangokhala magalamu pafupifupi 600, osakwana ngakhale paketi imodzi ya shuga.

Wina asanene kuti izi ndi nzeru za umphawi. Ku Nepal, osula mpeni wokhota uja wotchedwa kukri, umene asilikali a Gurkha anatchuka nawo pa dziko lonse, nawonso amasakasaka masipuling'i a malole akutha. Otolera mipeni amauitanitsa kutali ndi ndalama zakunja, pamene m'bale wake weniweni ali pa chiguduli mu msika wa Nyimba, pafupi ndi mikoko ya nthochi.

Taimani pang'ono pachipala muone. Chitsulo chikafiira ngati phwetekere wakupsa, mmisiri amachiviika m'mafuta kapena m'madzi, utsi tolo, ndipo mpeni umalimbira pamenepo. Iye amayeza ndi diso, koma mutakhala ndi maginito m'thumba mungadabwe, chifukwa chitsulo chimasiya kukokedwa ndi maginito chikatentha kufika madigiri 770.

Makala nawonso amasankha. Abwino ndi a mtengo wolimba ngati tsanya wa m'chigwa cha Luangwa, amene moto wake umakhalitsa. Mtengo umenewu ndi wolemera moti chipika chake, ngakhale chouma, mukachiponya m'madzi chimamira ngati mwala.

Makolo athu analibe malole, nanga chitsulo ankachitenga kuti? Ankachiyenga kuchokera ku miyala m'ng'anjo zadothi, akupopa mvukuto wa chikopa cha mbuzi, koma chodabwitsa n'chakuti chitsulocho sichinkasungunuka n'komwe. Chitsulo chimasungunuka pa madigiri 1,538 pamene ng'anjo inkalekezera cha m'ma 1,200, choncho chinkatuluka chibuma choti akachimenye ndi nyundo, chazibowozibowo ngati m'kati mwa chulu.

Mu 1831 msilikali wa Chipwitikizi, António Gamitto, ananyamuka ku Tete ulendo wa kwa Mwata Kazembe, nadutsa dziko la Amaravi mpaka kuwoloka Luangwa. Mwa zimene analemba munali luso la anthu akuno loyenga ndi kusula chitsulo, pa nthawi imene khasu linkagwira ntchito ngati ndalama. Phokoso la nyundo limene mukulimva kuseri kwa msika lija, mlendo analimva kale zaka pafupifupi 200 zapitazo.

Komabe chitsulo ndi mwana wa dzulo tikanena za kudula. Mu 2023 akatswiri analengeza kuti pa mathithi a Kalambo, kufupi ndi Mbala ku Zambia konkuno, anafukula mitengo iwiri yosemedwa ndi miyala yakuthwa kuti ilumikizane. Zaka zake? 476,000!

Nanga za mpeni wochokera kumwamba munamvapo? Mu 1925 Howard Carter anapeza mpeni wachitsulo m'nsalu zokulunga mtembo wa mfumu Tutankhamun ya ku Egypt, ndipo mu 2016 akatswiri anatsimikiza kuti chitsulo chake ndi cha mwala wogwa kuchokera mlengalenga. Unagona m'manda zaka zoposa 3,000 koma dzimbiri silinaudye.

Tibwerere ku msika. Lowani m'shopu ya hadiweya kapena funsani pa kantemba za mpeni wopinda uja wokhala ndi kamphete kumsana, umene aliyense amangouti Okapi. Ambiri timauyesa wa Kujoni, koma unabadwira ku Solingen mu 1902, wopangidwira misika ya ku Africa, ndipo ntchito youpanga inasamukira ku South Africa mu 1988, utakwanitsa kale zaka 86.

Dzinalo si la munthu ayi, ndi la nyama ya m'nkhalango za ku Congo imene asayansi a ku Ulaya anailemba m'mabuku awo mu 1901, chaka chimodzi chokha mpeniwo usanatuluke. Miyendo yake ili ndi mizere ngati ya mbidzi. Koma m'bale wake yekhayo amene watsala pa dziko ndi kadyamsonga!

Apa ndiye Petauke akulowanso m'nkhani. Kadyamsonga wa m'chigwa cha Luangwa amatchedwa ndi dzina la Thornicroft, mzungu amene anali bwanamkubwa wa boma la atsamunda pa Petauke pomwepo, ndipo dzinalo linaperekedwa mu 1911. Mtundu umenewu supezeka m'tchire lina lililonse pa dziko lapansi kupatula chigwa chimodzi chokhacho.

Okapi yemweyo, mpeni uja, anayenda kuposa ambiri a ife. Anafika mpaka ku Jamaica, kumene anyamata a m'makwalala a Kingston anamutchukitsa m'zaka za m'ma 1960. Wotolera achenjere, chifukwa mpeni ukatchuka ofanizira amachuluka ngati ngumbi mvula ikagwa.

Mwina mwaona kuti mpeni wa kuchipala umada ukadula nthochi yaiwisi kapena ndimu, pamene wa m'shopu umangonyezimirabe. Wa m'shopuwo ndi wa chitsulo chosachita dzimbiri, chimene Harry Brearley anatulukira ku Sheffield mu 1913, ndipo kuti chikhale chotero pamafunika chromium wopitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo 10. Kwa ine wakudawo ndiye mpeni: upukuteni, upakeni kadontho ka mafuta ophikira, muunole pamwala kawiri katatu, umeta ubweya wa pamkono ngati lezala.

Chigwiriro nacho muchiyang'anitsitse. Cha mlombwa n'chabwino ndipo chiswe sichichikonda, koma mukapeza cha mphingo, wakuda bii uja, mwapeza chuma. Ndi mtengo womwewo umene ku Ulaya amapangira zitoliro zodula zotchedwa clarinet.

Koma wina akakunong'onezani za chigwiriro cha mnyanga wa njovu, tembenukani muzipita. Kuno ndi kufupi ndi nkhalango za Luangwa, ndipo a zanyama zakutchire sachita nazo masewera. Malonda a minyanga pakati pa mayiko analetsedwa pa mgwirizano wa CITES mu 1989.

Nkhwangwa kapena nthungo ya agogo nayonso si yongoika m'chikwama n'kudutsa nayo pa malire a Mwami. Lamulo la Zambia loteteza zinthu zakale limafuna chilolezo cha National Heritage Conservation Commission musanatulutse zotere m'dziko. Chaka choti muchisunge pamtima ndi 1924: chopangidwa chisanafike chaka chimenecho ndi cha mbiri ya dziko.

Pokwera ndege, mpeni ulowe m'chikwama chachikulu chopita ku katundu, wokulungidwa bwino, osati cha m'manja. Malamulo amenewa anakhwima kwambiri pambuyo pa 11 September 2001, ndipo anapweteka ngakhale Victorinox ya ku Switzerland, kampani ya timipeni tofiira imene Karl Elsener anayambitsa mu 1884. Malonda a timipeni take anatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu.

Dziko lililonse lili ndi muyeso wake. Ku UK mungayende ndi mpeni wopinda popanda kufotokoza chifukwa pokhapokha ukakhala wosakhoma ukatsegulidwa, ndiye Okapi wa kamphete uja atsale kunyumba. Kutalika kwa chitsulo cha mpeni wololedwawo kusapitirire masentimita 7.62, pafupifupi chala chanu chamkombaphala.

Mipeni ya ku Solingen ndi ku Seki imabwera ndi dzina lodindidwa pachitsulo, koma yambiri ya kuchipala kuno ilibe chizindikiro chilichonse. Choncho mukafika pansi pa mango paja, yambani ndi moni, "Muli bwanji, bambo?", khalani pansi muone ntchito, ndipo potsitsa mtengo musaiwale thukuta lawo. Mukagula, funsani dzina la mmisiriyo ndi mudzi wake, mulembe pakapepala, musunge pamodzi ndi mpeniwo.